Bambo wa ana 8 amene adaphedwa atakana kusonkha R5

Mwezi wa January ukafika pakati, thambo la ku Mua silichedwa kusintha. M'mawa dzuwa limaswa mtengo, anthu ali kalikiliki kupalira ndi kubandira chimanga m'minda ya m'mbali mwa mtsinje wa Nadzipokwe. Pofika masana mitambo yakuda bii imayamba kuunjikana pamwamba pa mapiri a Dedza, kenaka nkutsetserekera kuchigwa, kulunjika ku Golomoti, ku Mtakataka mpaka kunyanja. Zikatero amayi amathamangira kukaanula ufa pamphasa, ana amakusa mbuzi, mabingu ali gugudegugude.

Nthawi zambiri mvula yotere imangodutsa. Koma tsiku lina mphenzi imagwera nyumba yofolera ndi udzu, khola la ng'ombe, kapena mwana amene wausa mvula patsinde pa mtengo. Maliro asanaikidwe nkomwe, funso limayamba kuyenda monong'ona pasiwa: watumiza ndani?

Funso lomweli ndi limene lidadula moyo wa Benedict Daswa, mphunzitsi wamkulu wa sukulu ya pulaimale, katekisiti wa mpingo wa Katolika komanso bambo wa ana 8. Iye adali nzika ya dziko la South Africa, koma mudzi wake, munda wake ngakhalenso mavuto a pakhomo pake sizidali zosiyana kwenikweni ndi za mabanja a kuno kwathu. Mpingo wake umamukumbukira pa 1 February chaka chilichonse, nyengo imene mphenzi zimavuta kwawoko ndi kuno komwe.

Mbusa wa ng'ombe wa ku Mbahe

Anyamata athu amene amapita ku Joni pa basi amadutsa kufupi ndi kwawo kwa Daswa osadziwa. Basi ikatuluka pachipata cha Dedza, nkudutsa ku Tete ndi m'dziko la Zimbabwe, imawoloka mtsinje wa Limpopo pa Beitbridge ndi kulowa m'chigawo cha South Africa chotchedwanso Limpopo. Chakum'mawa kwa msewu waukulu wopita ku Johannesburg kuli tauni ya Thohoyandou, pakati pa anthu olankhula Chivenda. Mudzi wa Mbahe uli kufupi ndi tauni imeneyi.

M'mudzi umenewu ndi momwe Daswa adabadwira pa 16 June 1946. Makolo ake adamutcha Tshimangadzo Samuel. Adali mwana woyamba m'banja la ana asanu, ndipo makolo akewo adali a fuko la Alemba, anthu osunga mwambo kwambiri amene sadya nyama ya nkhumba ndipo amadula ana aamuna. Monga anyamata anzake, adayamba waweta ng'ombe asanaponde m'kalasi.

Tsoka silinunkha. Bambo ake adamwalira pangozi iye akadali wachinyamata, ndipo udindo wonse wa pakhomo udagwera iye. Atayamba ntchito, malipiro ake ndiwo adaphunzitsa abale ake ang'onoang'ono. Udindo wa bambo adauyamba asadakwatire nkomwe.

Za Chikatolika adazidziwira ku Johannesburg komwe ankapita patchuthi kwa amalume ake. Atabwerera kumudzi adalowa kalasi ya katekisimu imene inkakumana patsinde pa mtengo wa mkuyu, pansi pa katekisiti wina dzina lake Benedict Risimati. Adaphunzira zaka ziwiri ndipo adabatizidwa pa 21 April 1963, ali ndi zaka 16. Adasankha dzina loti Benedict polemekeza mphunzitsi wakeyo komanso Benedikito Woyera, amene ankaphunzitsa otsatira ake kuti pemphero ndi ntchito ziziyendera limodzi. Mfundo imeneyi ndiyo adaigwiritsa moyo wake wonse.

Mwamuna wochapa matewera

Daswa adakwatira m'chaka cha 1974. Apa ndi pomwe anthu a m'mudzimo adayambira kumuona ngati munthu wachilendo.

Kwawoko, monganso m'midzi yambiri ya kuno, ntchito za pakhomo zidali zogawa kale. Kutunga madzi, kutola nkhuni, kuphika ndi kuchapa zidali za amayi. Mwamuna wopezeka kumtsinje ndi beseni la zovala za ana adali choseketsa cha mudzi wonse.

Iye sadasamale zimenezo. Anthu amene adakhala naye pafupi adachitira umboni kuti mphunzitsi wamkuluyu ankapita kumtsinje kukachapa matewera a ana ake. Ankatunga madzi ndi kusenza nkhuni mkazi wake akatopa kapena akadwala. Amuna anzake ankati wadyetsedwa mankhwala. Kuno kwathu akadati adamudyetsa mchira wa buluzi.

Mmalo mochita manyazi, iye ankalangiza amuna anzakewo kuti nawonso azithandiza akazi awo, ndipo ana ake aamuna ankawaphunzitsa ntchito zomwezo. Nyumba yawo ya njerwa adamanga ndi manja ake. Madzulo banja lonse linkasonkhana kuwerenga Baibulo ndi kupemphera pamodzi.

Kuseri kwa nyumbayo adalima dimba la ndiwo zamasamba ndi kubzala mitengo ya zipatso. Ana ake ankagwira nawo ntchito m'dimbamo, poti m'mera mpoyamba. Osauka ankapatsidwa ndiwo zaulere kapena pamtengo wotsika. Ophunzira amene makolo awo adalibe ndalama ankawapatsa ganyu m'dimba momwemo kuti apeze fizi ndi zofunika kusukulu, mmalo mozolowera kupempha.

Kusukulu, kutchalitchi ndi kubwalo la mpira

Chakumapeto kwa zaka za m'ma 1970 Daswa adakwezedwa kukhala mphunzitsi wamkulu pasukulu ya pulaimale ya Nweli. Adali munthu wamwambo, wosunga nthawi, ndipo ankafuna kuti aphunzitsi ake azioneka bwino pamaso pa ana. Mwana akajomba masiku angapo, iye ankapita kwawo kukaona chimene chavuta.

Nthawi ina adamva kuti bambo wina akufuna kutulutsa mwana wake wamkazi pasukulu kuti akwatiwe ndi mwamuna wachikulire. Adakakhala pansi ndi bamboyo mpaka adavomera kuti mtsikanayo apitirize maphunziro. Anthu a ku Mua, Golomoti ndi Mtakataka nkhondo imeneyi akuidziwa bwino, pakuti ndi yomwe idatchukitsa Inkosi Theresa Kachindamoto dziko lonse lapansi pamene idathetsa maukwati a ana mazanamazana m'dera lake ndi kubwezera anawo kusukulu.

Kumpingo nako Daswa sadali mkhristu wa pa Sabata pokha. Ankaphunzitsa katekisimu, kutsogolera mapemphero wansembe akakhala kulibe, ndi kusonkhanitsa achinyamata. Pamene akhristu a ku Nweli adaganiza zomanga tchalitchi chawo choyamba, galimoto yake ya pikiapu ndiyo inkatuta miyala ndi mchenga kumtsinje, iye mwini atapinda malaya.

Ankakondanso mpira wamiyendo, ndipo adayambitsa timu ya m'mudzi yotchedwa Mbahe Eleven Computers. Timuyo itayamba kugonja motsatizana, anzake adati apite kwa sing'anga akatenge mankhwala opambanira masewero. Daswa adakana. Ataona kuti ambiri akakamira maganizo awo, adatuluka m'timumo nkukayambitsa ina, Mbahe Freedom Rebels. Anthu ena adayamba kumusungira chakukhosi kuyambira pamenepo.

Ngakhale zidali choncho, mfumu ya m'mudzimo inkamudalira. Adali mlembi wa bwalo la mfumu, munthu amene mawu ake ankamveka pamilandu ndi pachitukuko. Miyambo yabwino ya makolo ake ankailemekeza. Chimene ankakana ndi mchitidwe woloza munthu chala kuti ndi mfiti, poti ankadziwa kumene chala choterocho chimathera.

Msonkho wa R5

M'mwezi wa November 1989 kudera la Venda kudagwa mvula yamkuntho yokhala ndi mphenzi zoopsa. Pa 25 January 1990 zidachitikanso, ndipo nyumba zingapo zaudzu zidapsa m'mudzi mwa Mbahe.

Akuluakulu a m'mudzimo adaitanitsa msonkhano. Adagwirizana kuti mphenzizo sizidabwere zokha, pali munthu amene adazitumiza. Choncho adalamula kuti aliyense asonkhe R5 yokalipira sing'anga woti aombeze ndi kutchula mfitiyo.

Daswa adafika pamsonkhanowo mochedwa, nkhani itagamulidwa kale. Atamva zimene anzake adapangana, adawauza poyera kuti mphenzi ndi chinthu chachilengedwe, ndipo kuti chikhulupiriro chake sichimulola kupereka ndalama imene mapeto ake ndi imfa ya munthu wosalakwa.

Kwa mphunzitsi wamkulu wokhala ndi galimoto, R5 idali ndalama yosadandaulitsa. Akadatha kupereka mwakachetechete, nkudziuza mumtima kuti wangochitira mtendere wa m'mudzi. Ambiri amene adasonkha tsikulo mwina adachita chomwecho, osati chifukwa chokhulupirira, koma poopa kuti akakana chala chiloza iwo. Iye ankadziwa kuti sing'anga wolipidwa sabwerera chimanjamanja. Amayenera kutchula dzina, ndipo kawirikawiri dzinalo limakhala la gogo wosauka amene alibe womuteteza.

Kukana kwakeko ena adakutenga ngati chipongwe kwa mfumu ndi kwa makolo. Enanso adayamba kufunsa kuti munthu wokana kufufuza mfiti akubisa chiyani.

Tsiku lomaliza

Lachisanu pa 2 February 1990 lidali tsiku lalikulu m'mbiri ya South Africa. Ku Cape Town, mtsogoleri wa dzikolo panthawiyo, F.W. de Klerk, adalengeza kuti chipani cha ANC ndi zipani zina sizilinso zoletsedwa ndipo kuti Nelson Mandela atulutsidwa m'ndende. Dziko lonse lapansi lidatchera khutu kumeneko.

Ku Mbahe, Daswa adali ndi zake zapakhomo. Madzulo a tsikulo adanyamula mlamu wake ndi mwana wodwala kupita nawo kwa dokotala ku Thohoyandou. Pobwerera adathandizanso munthu wina amene adali ndi thumba la ufa, nkukamutula kumudzi woyandikana nawo.

Akuyandikira kwawo kutada, adapeza msewu utatsekedwa ndi mitengo ndi miyala. Atangotsika kuti achotse, gulu la anyamata lidatulukira m'tchire nkuyamba kumugenda. Ali magazi chuchuchu adathawa wapansi mpaka kukabisala m'khitchini ya pakhomo pena. Gululo lidamulondola, lidaopseza mayi wa pakhomopo kuti limupha akapanda kuulula, ndipo Daswa adapezeka.

Anthu amene adaona zimenezi adati ataona munthu akubwera ndi chibonga, iye adagwada nkupereka mzimu wake m'manja mwa Mulungu. Adamumenya m'mutu ndi chibongacho, kenaka adamuthira madzi owira m'makutu ndi m'mphuno pofuna kutsimikiza kuti wafadi.

Adamwalira ali ndi zaka 43. Mkazi wake adali woyembekezera, ndipo mwana wawo wachisanu ndi chitatu adabadwa patapita miyezi yowerengeka, osawaona bambo ake.

Ansembe adavala zofiira

Mwambo wa maliro udachitika pa 10 February 1990. Pa Misa ya maliro ansembe amavala zofiirira zachisoni kapena zoyera, koma tsiku limenelo adavala zofiira, mtundu umene mpingo umasungira anthu ofera chikhulupiriro. Anthu angapo adamangidwa pa imfayi, koma mlandu udathera m'malere chifukwa chosowa umboni. M'mudzi momwe aliyense ankadziwa mnzake, padalibe wolimba mtima kuima m'khoti.

Daswa sadali yekha wophedwa motere. M'zaka zimenezo anthu ambiri a kumpoto kwa South Africa adaphedwa kapena kupirikitsidwa m'midzi powaganizira ufiti, mpaka m'chaka cha 1995 boma la chigawocho lidakhazikitsa bungwe lofufuza nkhanizi motsogozedwa ndi Pulofesa Victor Ralushai.

Akhristu a ku Nweli sadamuiwale mphunzitsi wawo. Ankasonkhana pamanda ake kupemphera, ndipo dayosizi ya Tzaneen idayamba kutolera umboni wa moyo wake kwa abale, ophunzira ndi anzake. Mu January 2015 Papa Francisco adavomereza kuti Daswa adafera chikhulupiriro. Pa 13 September 2015, pamwambo umene udachitikira ku Tshitanini pafupi ndi kwawo, Kadinala Angelo Amato adamulengeza kukhala Wodala pamaso pa anthu pafupifupi 30,000. Adakhala mbadwa yoyamba ya South Africa kulandira ulemu umenewu. Mafupa ake adasamutsidwira m'tchalitchi cha Nweli, chomwe chija adatutira miyala.

Pakati pa khamulo padali mayi ake omubereka, gogo wa zaka zoposa 90, pamodzi ndi ana ake. Mkazi wake adali atamwalira kale m'chaka cha 2008.

Chaona mnzako chapita

Wina atha kunena kuti izi ndi za ku Joni. Koma mu January 2016, m'boma la Neno kuno ku Malawi, mphenzi idapha mtsikana wina. Anthu a m'mudzimo adaloza zala agogo anayi, ndipo onse anayi adaphedwa mwankhanza. Adali anthu a m'mudzi momwemo, odziwika kwa amene adawaphawo. Chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe.

Lamulo lokhudza za ufiti limene lidakhazikitsidwa m'dziko muno m'chaka cha 1911 lidaletsa kumwetsa anthu mwabvi, kutchula munthu kuti ndi mfiti, ndiponso kulemba ganyu munthu woti afufuze mfiti. Patha zaka zoposa 100, koma nkhani za agogo otenthedwa nyumba, ogendedwa pamanda kapena opirikitsidwa m'midzi sizidathe m'manyuzipepala ndi pawailesi.

Akatswiri a zanyengo amafotokoza kuti mphenzi ndi mphamvu ya magetsi imene imaunjikana m'mitambo ya mvula, ndipo ikachuluka imadumphira pansi podzera pa chinthu chimene chatalika kuposa zinzake. Ndi chifukwa chake imakonda mtengo woima pawokha, munthu woima pamtetete kapena padambo, ndi msodzi amene ali m'bwato pakati pa nyanja. Malangizo awo ndi osavuta: mabingu akayamba, tulukani m'madzi, chokani m'munda ndi pabwalo la mpira, musause mvula patsinde pa mtengo, lowani m'nyumba. Izi ndi zomwe mphunzitsi wa ku Nweli ankayesa kuuza anzake pabwalo la mfumu.

Phunziro kwa abambo a kuchigwa

Mishoni ya Mua idakhazikitsidwa m'chaka cha 1902 ndi ansembe a chipani cha White Fathers. Ansembewo adali ochepa, ndipo midzi ya kuchigwa, kuchokera m'tsinde mwa mapiri mpaka kunyanja, idali yambiri. Amene ankayenda wapansi kukaphunzitsa katekisimu, kutsogolera mapemphero ndi kuyendetsa sukulu za m'midzi adali makatekisiti ndi aphunzitsi, amuna a mabanja awo ndi minda yawo, anthu a mtundu wa Daswa. Mayina a ambiri mwa iwo amakumbukidwa ndi zidzukulu zawo zokha. M'makomo a m'parishi yomweyi ndi momwe mudachokera Cornelio Chitsulo, amene adadzozedwa m'chaka cha 1937 kukhala wansembe woyamba wa Chimalawi, ndipo pambuyo pake adakhala episkopi woyamba wa Dedza.

Pa Mua pomwepo pali malo a zachikhalidwe a Kungoni, amene Bambo Claude Boucher Chisale adayambitsa m'chaka cha 1976. M'nyumba yosungiramo zakale ya Chamare muli mbiri ndi miyambo ya Achewa, Angoni ndi Ayao, kuphatikizapo zigoba zambirimbiri za Gule Wamkulu. Malowa amaphunzitsa kuti munthu atha kukhala mkhristu osanyoza makolo ake. Daswa naye adakhala mlembi wa mfumu, wolemekeza akulu, wosunga chilankhulo ndi ulemu wa kwawo. Pa chinthu chimodzi chokha ndi pomwe adaima nji, pamene mwambo udafuna magazi a munthu.

Kulimba mtima kwa tsiku la msonkhano lija sikudamugwere mwadzidzidzi. Munthu amene adapirira kusekedwa kumtsinje ali ndi matewera m'manja, amene adasiya timu yoyambitsa yekha chifukwa cha mankhwala, adali atazolowera kale kuima payekha pa zinthu zing'onozing'ono. Pofika pa R5 ija, yankho lake lidali lodziwikiratu kwa onse omudziwa, ndi adani ake omwe.

Nkhani yake ili ndi mbali yowawa imene siyenera kubisidwa. Mkazi wake adatsala ndi ana 7 ndi pathupi. Pali amene angafunse ngati bambo wokonda banja lake sakadangopereka ndalamayo kuti alere ana ake. Funsoli ndi lolemera, ndipo bambo aliyense atha kulimva mumtima mwake. Koma gogo amene sing'anga akadamutchula nayenso adali mayi wa wina, agogo a wina. Ndipo mlandu wa umasiye wa ana a Daswa uli pa amene adatseka msewu usiku uja, ndi amene adadziwa chiwembucho nkukhala chete.

Lero m'midzi ya ku Mua, Golomoti ndi Mtakataka muli abambo ambiri amene amavala yunifolomu ya bungwe la abambo kutchalitchi, kutsogolera mapemphero a kumphakati kapena kukhala akulu a mpingo m'mipingo ina. Muyeso umene Daswa adawasiyira ndi wapafupi. Mayi akadwala, ndani amatunga madzi? Mwana wamkazi akafika Sitandade 7 nkubwera mwamuna wa ndalama, bambo amati chiyani? Mwana wa mnansi akasowa fizi, dimba lija limathandiza ndani?

Ndipo mvula ya chaka chino ikatsikanso m'mapiri, mphenzi nkugwera nyumba ya wina, mudzi udzasonkhana patsinde pa mtengo monga mwa nthawi zonse. Wina adzatchula dzina la sing'anga wodziwa kuombeza, wina adzatchula ndalama yoti khomo lililonse lisonkhe, ndipo mbale idzayamba kuzungulira. Agogo a m'mudzimo adzakhala chakumbuyo, maso ali pansi, kudikira kuti aone ngati pali bambo mmodzi amene mbaleyo ikafika pa iye adzaibweza yopanda kanthu.